Za Msana wa Mseu ndi Njinga ya Moto

Ambiri a inu munayendamo mu mseu waukuru wochokera ku Limbe kunka ku Zomba, umene upitira pa Njuli, pano pa Mbulumbuzi ndi pa Namadzi. Pouona ndi maso muyesa kuti uli wolingana ngati thebulo, koma si kutero iai. Mseu uli ndi msana monga ng'ombe: pakati mpokwera, m'mbali monse mmotsika. Okonza miseu amatero dala kuti madzi a mvula asaime, koma atsikire ku ngalande. Pa mseu wa tara amatsitsa masentimita 2 kapena 3 pa mita imodzi; pa mseu wa pfumbi amafikitsa 4 kapena 6, pakuti dothi silichedwa kuonongeka ndi madzi. Nzeru imeneyi njakale ndithu. John McAdam wa ku Scotland, amene anamwalira m'chaka cha 1836, anailimbikitsa kwambiri.

Galimoto ya miyendo inai siibvutika nako kupendekeka kumeneku, koma njinga ya moto ili ndi miyendo iwiri yokha. Popeza m'dziko muno timayenda ku dzanja lamanzere, nthaka ya pansi pa njinga imatsikira kumanzere, ndipo njinga nayo imafuna kutsata madzi kunka ku ngalande. Woyendetsa amaibweza pang'ono pang'ono ndi manja, iye mwini osazindikira. Yang'anani matayala akale: kawiri kawiri mbali ya kumanja ndiyo iyamba kutha, chifukwa ndiyo ikhudza tara koposa.

Choopsya chachikuru chili pokhota. Pamene mseu ukhotera kumanzere, kutsika kwache kuthandiza njinga, pakuti nthaka ipendekera komwe njinga ipendekera. Koma pokhotera kumanja njinga ipendekera uku, nthaka itsikira uko, ndipo tayala liyandikira kumapeto kwa mphamvu yache yogwira pansi. Pa miseu yaikuru amisiri amakweza mbali ya kunja ya pokhota kuti athetse bvutoli, koma njira zambiri zolowa m'midzi yathu ziribe chithandizo chotere. Pamenepo mchenga pang'ono, kapena matope a mvula yoyamba, akwanira kugwetsa munthu.

Ndilemba izi chifukwa anyamata ambiri amene ndinawaphunzitsa kuwerenga ndi kuchita masamu, lero adya za kabaza. Mmodzi wa iwo ananyamula mai wina pamodzi ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50. Sanathamange, ndipo sanamwe mowa. Anangoima m'mphepete, pamene tara athera, naponda ndi mwendo wa kumanzere. Koma nthaka inali kutali, pakuti madzi anakokolola dothi. Katundu anawakokera ku mbali yotsika, ndipo maiyo anathyoka mkono m'nyengo ya kupalira. Chaka chimenecho munda wache unadyedwa ndi thengo.

Chifukwa chache nditi kwa inu, ana anga oyendetsa njinga: werengani mseu monga muwerengera buku. Chepetsani liwiro musanalowe pokhota, makamaka pokhotera kumanja, ndipo musagwire mabuleki mwadzidzidzi njinga itapendekeka kale. Poima sankhani malo olingana. Ngati palibe, pondani ndi mwendo wa ku mbali yokwera. Mangani katundu pakati ndi pansi, asalendewere mbali imodzi.

Ndipo inu okwera, amai ndi abambo, musafulumize mnyamata pamene achepetsa liwiro, kapena kumnyoza akapitirira pang'ono kufuna poima pabwino. Khalani chete pambuyo pache, nimupendekere kumene iye apendekera. Msana wa mseu suchotseka, pakuti popanda uwo mvula ingatidyere miseu yonse. Chotsala kwa ife ndicho kuudziwa, ndi kuphunzitsa amene ayamba kumene nchitoyi.