Funso Limene Linaposa Womasulira

M'mwezi wa Januwale, mayi ena oyandikana nawo nyumba kuno ku Zandspruit anagogoda pachitseko changa chamalata kusanache bwino. Mwana wawo wa zaka zisanu anali atatentha thupi usiku wonse, ndipo iwo Chingelezi ndi Chizulu amangotola patalipatali. Popeza anthu a pamzere wathu amadziwa kuti ndinaphunzira za zilankhulo, ntchito yomasulira kuchipatala imagwera ine.

Namwino atafunsa chimene chikumuvuta mwanayo, mayiwo anayankha ndi liwu limodzi: "Malungo." Abale anga, tonse tikudziwa kutambalala kwa liwu limeneli. Kwathu munthu akamva kuphwanya m'thupi, kuzizidwa kapena kutentha thupi, amati ali ndi malungo, ngakhale magazi ake asanayezedwe. Ndinakumbukira kuti ku Johannesburg kulibe udzudzu wofalitsa matendawa, choncho ndinamasulira kuti mwanayo ali ndi chimfine. Namwino analemba zomwezo pakompyuta, kenako anawerenga funso lotsatira pafomuyo: kodi wodwalayu wayendako kwina masabata apitawa? Mayiwo anati angobwera kumene kuchokera ku Mangochi, kumene anakadyera Khirisimasi. Mwanayo anamubaya chala, ndipo anamupeza ndi malungo enieni, aja a udzudzu.

Ndinabwerera kunyumba ndili ndi manyazi. Ine wadigiri ndinalakwitsa, ndipo chimene chinakonza kulakwa kwanga ndi funso lolembedwa ndi munthu amene sanamuonepo mwanayo. Funso lotere salilemba wodziwa makompyuta okha. Amalilemba amene anaimapo pambali pa bedi la wodwala, naona zimene zimachitika malungo akawatenga ngati chimfine.

Pamenepo ndinakumbukira msuweni wanga, amene anaphunzira udokotala ku College of Medicine ku Blantyre. Atagwira ntchito m'mawodi zaka zingapo, anasamukira ku ntchito yokonza mafomu ndi ndondomeko za pakompyuta zosungira mbiri ya odwala. Kumudzi sizinawakomere. Agogo anati, "Tinagulitsa mbuzi kuti tikhale ndi dokotala, lero mwatibweretsera kalaliki." Inenso ndinaseka nawo, chifukwa kwa ife dokotala ndi wovala zoyera, womvetsera pachifuwa.

Komatu njira imene anasankhayo si yachilendo. Mu 2001, ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe, a Baobab Health anayamba kulembetsa odwala pamakompyuta ongokhudza ndi chala. Mu 2011 ku Balaka kunayamba Chipatala Cha Pa Foni, chimene anthu amaimbira kuti alandire uphungu wa zaumoyo. Abale athu a ku Zambia ali ndi SmartCare. Kuno ku South Africa, boma linakhazikitsa MomConnect mu 2014, yotumizira amayi oyembekezera mauthenga pafoni. Dokotala wa maso William Mapham ndiye anayambitsa Vula, imene imalumikiza azaumoyo a m'zipatala zazing'ono ndi madokotala akuluakulu. Dzinalo analitenga ku chipatala cha maso cha Vula Amehlo ku Eswatini, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti tsegula maso. Pantchito zonsezi pamafunika wina wodziwa matenda kuti anene funso loyenera kufunsidwa, ndi yankho limene likusonyeza kuti wodwala athamangire naye kwina.

Chimene chikundikhudza monga wophunzira chilankhulo n'chakuti madokotala amenewa ndiwo akusankha mawu olowa m'timabokosi ta fomu. Kabokosi sikamva mawu okuluwika. Mayi woyembekezera kwathu timati ndi wodwala. Pakati pa chifuwa ndi chifuwa chachikulu pali liwu limodzi lokha, koma china chimatha chokha, china chimafuna mankhwala a miyezi 6. Wina akati mtima ukumuwawa, mwina akunena za chilungulira, mwina za maliro a mwezi watha. Tikadutsa malire zinthu zimawonjezeka: ku Tete ndi ku Lichinga zolemba zachipatala zili m'Chipwitikizi, pamene kuno MomConnect imalankhula zilankhulo zovomerezeka za dziko lino, ndipo Chichewa sichili pamndandandawo. Wodwala wathu amadalira womasulira, ndipo womasulirayo, monga ndaonera, amapunthwa.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinamuimbira msuweni wangayo. Ndinayamba ndi kupepesa chifukwa cha kuseka kuja, kenako ndinamufunsa chimene amachita ndi liwu lakuti malungo. Anati salola kuti likhale yankho palokha pafomu. Amaligawa m'mafunso: thupi likutentha kodi, akuzizidwa, akusanza, zinayamba liti, anagona kuti. Anawonjeza kuti vuto lake n'lakuti amadziwa Chichewa cha kwathu kokha, ndipo pamsonkhano wokonza mafomu sanakhalepo ndi munthu wa zilankhulo.

Ndagula kope. Tsamba loyamba ndalemba malungo, lachiwiri chifuwa, lachitatu mtima, ndipo pansi pa liwu lililonse ndikulemba zimene anthu a pamzere wathu amatanthauza akalitchula. Ndikufunabe mawu a ku Chipata, a ku Angónia ndi a ku Harare, chifukwa ngati liwu limodzi linandigwetsa ine mwini chilankhulo, sindingayembekezere kuti dokotala aligwira yekha.

Mwana uja anachira. Mayi ake akandiona amandithokozabe, ndipo sindinalimbebe mtima kuwauza kuti woyenera kuthokozedwa ndi dokotala amene tonsefe sitikumudziwa dzina.