Tsiku Limene Tidaseka Mwana Wathu



M'kalata muno timakonda kulemba za mayeso, za kusala ndi za khalidwe la ana. Ulendo uno tikufuna kuulula cholakwa chathu ife aphunzitsi. Tapempha chilolezo kwa eni nkhaniyi ndi makolo awo, ndipo mayina sititchula.

Teremu yoyamba ya chaka chatha tidasonkhanitsa a Fomu 4 pansi pa mtengo wa mango uja wa kuseri kwa ofesi, kuti aliyense anene ntchito imene akufuna kudzagwira. Mayankho adali omwe aja a chaka ndi chaka: udokotala, unamwino, uloya, ntchito ya kubanki. Mnyamata wina adati akufuna kukaphunzira Chisilamu ku Madina, ndipo tidamuyankha ndi Maa shaa Allah wamphamvu. Kenako adaimirira mtsikana wina wofatsa, amene Biology amaikhoza kuposa anzake onse, n'kunena kuti, "Ine ndikufuna kupita ku yunivesite kukaphunzira uphunzitsi wa zaumoyo ndi masewera olimbitsa thupi."

Kalasi yonse idafa nacho chiseko. Wina kumbuyo adakuwa kuti, "Zaka zinayi kuphunzira kuliza wezulo?" Ife amene timayenera kuletsa phokosolo tidasekanso. Mtsikanayo adakonza hijabu yake, n'kukhala pansi osanenanso kanthu.

Lachisanu lotsatira, titangomaliza Jumu'ah, bambo ake adatiimitsa pakhomo pa mzikiti tikuvala nsapato. "Mwalimu, mundithandize," adatero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikupsa ndi dzuwa pogulitsa usipa kuti mwana aphunzire. Lero akuti akufuna digiri ya kuthamanga. Komanso ndi mwana wamkazi. Anthu adzati chiyani?" Tidawayankha kuti, "Musadandaule bambo, n'chibwana chabe, tiyankhula naye." Tidalonjeza zimenezi ndi mtima wonse, chifukwa nafenso tinkaona ngati mwanayo akutaya nzeru zake m'fumbi la pabwalo.

Tisanayankhule naye, Allah adatiphunzitsa kudzera m'njira ina. Lolemba lina m'mawa, tili pa asembule, mnyamata wa Fomu 2 adagwa pansi n'kuyamba kuphupha, thovu lili kukamwa. Ana adabalalika, ena akuuzana kuti ukamukhudza matendawo akulowa. Mmodzi wa ife adathamangira kukhitchini kukatenga supuni yoti amuike m'kamwa. Wina adamugwira miyendo kuti asiye kugwedezeka. Ife a maphunziro a Chisilamu tidaima chapafupi tikuwerenga dua, manja ali lende, osadziwa chochita nawo.

Amene adadziwa chochita ndi mtsikana uja. Adagwada pambali pa mnyamatayo, n'kunena mwaulemu koma mosanjenjemera, "Aphunzitsi, musiyeni miyendo. Supuniyo ayi, imuthyola mano." Adatuma mnyamata wina kuti apinde juzi n'kuika pansi pa mutu wa wodwalayo, adachotsa miyala imene idali pafupi, n'kutipempha kuti tiyang'ane wotchi. Kuphupha kutatha adauza anyamata awiri kuti amugoneke chammbali kuti malovu atuluke, asamutsamwitse. Adatiuza kuti zikadapitirira mphindi 5 tikadayenera kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo, komanso kuti khunyu sapatsirana. Zonsezi adaziphunzira ku kalabu ya Red Cross ali ku pulayimale. Masana ake tidaperekeza mnyamatayo kuchipatala pamodzi ndi mayi ake, ndipo pano akumwa mankhwala, sukulu akupitiriza.

Dua yathu sinali yolakwika, ndipo sitidzasiya kuwerenga dua. Koma chiphunzitso chimene timapereka m'kalasi chaka chilichonse n'chakuti Msilamu amayamba wamanga ngamila yake, kenako n'kuyedzamira kwa Allah. Tsiku limenelo, pa aphunzitsi tonse amene tidali pabwalo paja, ndi masatifiketi athu a ku madrasa ndi a ku koleji, wodziwa kumanga ngamila adali mwana amene tidamuseka.

Safunsa adadya phula. Tidayamba kufunsafunsa kuti munthu wofuna uphunzitsi umenewu amaphunzira chiyani. Tidapeza kuti wezulo ndi kachinthu kakang'ono kwambiri. Amaphunzira mmene thupi lidapangidwira: mafupa, minofu, mtima, mapapo, ndi mmene ziwalozi zimagwirira ntchito munthu akamathamanga kapena akapuma. Amaphunzira za kadyedwe, magulu asanu ndi limodzi aja a zakudya, ndi zimene zimachitika m'thupi la mwana amene amadya nsima ndi masamba okha tsiku ndi tsiku. Amaphunzira chithandizo choyamba: kubinya, kuthyoka, kukomoka, kumira m'madzi. Amaphunzira za kakulidwe ka mwana ndi maganizo ake pa nthawi yotha msinkhu, malamulo a masewera osiyanasiyana, ndi njira zothandizira mwana wolumala kuti nayenso asewere. Pamwamba pa izi pali maphunziro a uphunzitsi weniweni: kukonza phunziro, kuyesa ana, ndi teremu yokaphunzitsa pa sukulu akuyang'aniridwa. Digiri imatenga zaka zinayi, chimodzimodzi digiri ya mphunzitsi wa masamu.

Khomo lolowera nalonso si lapafupi. Kuti munthu aganiziridwe ku yunivesite ya boma amafunika makirediti asanu ndi limodzi pa MSCE, Chingerezi chili pomwepo, ndipo pa maphunziro a thupi la munthu Biology ndiye msana wake. Aphunzitsi a sekondale amasulidwa ku Domasi College of Education ku Zomba, ku Nalikule College of Education ku Lilongwe, ku University of Malawi ndi ku Mzuzu University. Ku Malawi University of Science and Technology, ku Thyolo, kuli digiri ya Sports Science. Chaka chilichonse bungwe la NCHE limalengeza maphunziro amene alipo ndi zofunika pa phunziro lililonse, ndipo a Fomu 4 aziwerenga chilengezocho mzere ndi mzere asanasankhe.

Titamva zimenezi tidayang'ananso mudzi wathu ndi maso ena. Ife okhala kufupi ndi nyanja timadziwa anyamata amene amakodza magazi n'kumaona ngati ndi chizindikiro cha kukula, pamene ndi likodzo, matenda ochokera ku nkhono za m'madzi, amene mankhwala ake alipo. Tikukumbuka mliri wa kolera umene udayambira ku Machinga m'mwezi wa Malichi 2022, n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Ambiri a ife tidaika maliro nthawi imeneyo. Tikudziwa atsikana amene amajomba masiku angapo mwezi uliwonse chifukwa palibe wamkulu wowafotokozera za kumwezi mopanda manyazi. Mu mzikiti mwathu mipando ya oswali chokhala ikuchuluka, ndipo ena okhalapo sanafike n'komwe zaka 60. Shuga ndi kuthamanga kwa magazi, matenda amene tinkati ndi a anthu olemera a m'tauni, pano ali m'makomo mwathu. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azigwiritsa ntchito thupi mwamphamvu mphindi 60 pa tsiku. Anyamata athu mphindi zimenezi amazipeza pa mpira. Nanga atsikana? Ambiri akangotha msinkhu amasiya kuthamanga, ndipo nthawi ya masewera amaithera pakhonde la kalasi, kuonerera.

Apa ndi pamene manyazi athu adakula, chifukwa chipembedzo chimene timaphunzitsa sichidanyozepo thupi. Timauza ana kuti thupi ndi amana, chinthu chosungitsidwa chimene tidzafunsidwa. Mtumiki Muhammad, swallallahu alaihi wasallam, adapikisanapo liwiro ndi mkazi wake mayi Aisha, Allah asangalale nawo. Ulendo woyamba adapambana ndi mayi Aisha, ndipo patapita zaka adapambana ndi Mtumiki. Adalimbanapo ndi Rukana, katswiri wa kugwetsana wa ku Makka, n'kumugwetsa. Adalola anthu a ku Abyssinia kusewera ndi mikondo mu mzikiti wa ku Madina, mayi Aisha akuonerera. Adachititsapo mipikisano ya akavalo. Pamene Abdullah ibn Amr adafuna kusala masiku onse ndi kuswali usiku wonse, Mtumiki adamubweza pomukumbutsa kuti thupi nalo lili ndi gawo lake loyenera kupatsidwa. Ngakhale mapemphero athu amafuna thupi: marakaa 17 a faradhi tsiku lililonse, kusala mwezi wathunthu, ndipo pa Hajj kuyenda kasanu ndi kawiri pakati pa Safa ndi Marwa, mtunda wa pafupifupi makilomita atatu. Nkhani zonsezi tidaziloweza tili ana ku madrasa. Tinkaziphunzitsa m'kalasi, koma potuluka panja tinkazisiya pa desiki.

Sitikunena kuti nkhawa za bambo aja n'zopanda pake. Funso la kavalidwe ndi lenileni, funso la kusakanikirana kwa anyamata ndi atsikana ndi lenileninso. Koma taganizani bwino. Chimene chimakhazika atsikana athu pakhonde n'chakuti palibe mphunzitsi wamkazi wa masewera. Kholo silingalole mwana wake wamkazi kudumpha pamaso pa mwamuna, ndipo mwanayo sangauze mphunzitsi wamwamuna kuti lero m'mimba mukupweteka chifukwa cha kumwezi. Tikaletsa ana athu aakazi kukaphunzira ntchitoyi, mphunzitsi wamkazi ameneyo adzachokera kuti? Amene angadziwe kukonza masewera a atsikana paokha, atavala buluku lalitali, malaya otaya ndi hijabu, ndi amene adakulira mu hijabu. Amene angadziwe kuti m'mwezi wa Ramadhan ana asathamangitsidwe dzuwa lili paliwombo, koma achite zopepuka Asr ikadutsa, ndi amene amasala yekha ndipo adaphunziranso zimene kuchepa kwa madzi kumachita m'thupi. Ngakhale kunja zinthu zidasintha. Bungwe la FIFA lidavomereza zovala kumutu m'chaka cha 2014, ndipo mu 2023 Nouhaila Benzina wa ku Morocco adasewera mpikisano wa dziko lonse wa mpira wa amayi atavala hijabu.

Funso la ndalama nalonso tisalizembe. Uphunzitsi sulemeretsa munthu, ife ndife mboni, ndipo ena akamaliza maphunziro amadikira asanalembedwe ntchito. Koma zimenezi zimagwera mphunzitsi wa phunziro lililonse. Mwana atati akufuna kukhala mphunzitsi wa masamu sitikadaseka. Tidaseka chifukwa mumtima tinkaona ngati za thupi ndi za anthu olephera m'kalasi. Chonsecho tikamva kuti Temwa Chawinga wagoletsa ku America, kapena tikakumbuka Mwai Kumwenda akuponya mpira wamanja ku Australia, timati ndi ana athu. Mwana aliyense wotere amafuna munthu woyamba kumuona ndi kumuongolera adakali wamng'ono. Paja m'mera mpoyamba.

Lonjezo lathu kwa bambo aja tidalisunga, koma mwa njira ina. Tidamuitana mtsikanayo ku ofesi, pamaso pa mphunzitsi wamkazi, n'kumupepesa. Si chapafupi munthu wamkulu kupepesa mwana, ndipo mawu adatuluka movutikira. Iye adangoti, "Palibe kanthu aphunzitsi, ndidazolowera." Mawu akuti ndidazolowera adatipweteka kuposa chidzudzulo. Kenako tidapita kunyumba kwa bambo ake, tidakhala pamkeka mpaka nthawi ya Maghrib. Sadasinthe maganizo tsiku limenelo. Adati, "Mwalimu, ndakumvani. Koma ine mtima wanga udali pa unamwino." Patapita milungu ingapo adatiuza kuti achita istikhara, akambirana ndi mayi a mwanayo, ndipo amulola kuti alembe zimene akufuna, bola akakhale ku hositelo ya atsikana ndipo Swala asakaisiye. Mtsikanayo adakhoza MSCE ndi makirediti okwanira, ndipo pamene tikulemba pano akudikira kuti amve ngati wasankhidwa. Bambo ake mpaka lero amati akatiwona amapukusa mutu, uku akumwetulira pang'ono.

Tili ndi mapempho atatu. Kwa akuluakulu a komiti: thumba lija lothandizira ana opita ku koleji liganizirenso ofuna uphunzitsi umenewu, makamaka atsikana, ndipo malo a kuseri kwa madrasa atchingidwe ndi mpanda, ngakhale wa udzu, kuti likhale bwalo la atsikana. Kwa makolo: mwana akatchula ntchito yachilendo m'makutu mwanu, yambani mwafunsa zimene amaphunzira kumeneko musanakane. Kwa ife aphunzitsi: tagwirizana kuti teremu ino tonse, kuyambira ahedi mpaka alonda, tiphunzire chithandizo choyamba, ndipo tikupempha makolo amene amagwira ntchito zachipatala kuti atipatse Loweruka limodzi.

Inu a Fomu 4 a chaka chino, tidzakumananso pansi pa mtengo wa mango uja sabata yachitatu ya teremu. Bwerani ndi zimene zili mumtima mwanu. In shaa Allah, ulendo uno tidzamvetsera mpaka mumalize kulankhula.

Allah atikhululukire pamene tidalakwa, awapatse ana athu maphunziro opindulitsa ndi matupi athanzi omugwadira Iye. Ameen.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.

Mphunzitsi wa maphunziro a Chisilamu