Kukhazika Msilikali pa Kasinja

Kasinja wopanda munthu sauza diso kukula kwake. Ungamumange bwino, ungamupake penti, ungamuthire dzimbiri ndi matope, koma akaima yekha pathebulo amangokhala chidole. Ukangokhazikapo msilikali mmodzi, kapulasitiki kaja kamalemera: woona amazindikira kuti gudumu limafika pafupi ndi m'chiuno, kuti pokwera pamenepo munthu amagwira ndi manja awiri. N'chifukwa chake pa ntchito yanga yomanga tizifanizo ta akasinja a Soviet Union a pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, nthawi yambiri sindithera pa kasinjayo ayi. Ndimathera pa tianthu tokwera pamsana pake.

Ndimagwirira pakhonde, kuno ku Mwanza, cha kumsewu wopita ku Zobue. Manja anga anaphunzira pa magalimoto a waya ndi ng'ombe zadothi, monga anyamata onse a kuno. Zapulasitikizi ndinakaziona ndili pa maganyu ku Johannesburg, ndipo mpaka lero mabokosi ake amabwera pa mabasi a ku Joni. Ogula ntchito yanga ambiri ali komweko, ena ochepa ku Blantyre. Muyeso umene ndimamanga ndi wa 1/35, kutanthauza kuti chilichonse chachepetsedwa ka 35. Munthu wamtali masentimita 170 amatsala pang'ono kukwana masentimita 5, ndipo mutu wake umachepa kuposa njere ya nzama.

Bokosi la asilikali ndisanalitsegule n'komwe, ndimayamba ndafunsa kuti kasinja wanga ndi wa chaka chanji. T-34 woyamba anatuluka mu 1940 ali ndi mzinga wa mamilimita 76 ndi anthu anayi m'kati. T-34-85, wa mutu waukulu, mzinga wa mamilimita 85 ndi anthu asanu, anafika kunkhondo mu 1944. Zovala nazo zinasintha pakati pa zaka zimenezi. Nkhondo itayamba kwa a Soviet Union mu June 1941, msilikali ankavala malaya a kolala yopinda, ndipo udindo wake unkaonekera pakolalapo. Mu January 1943 boma la Stalin linabwezeretsa zizindikiro za udindo za pamapewa, kolala n'kukhala yoimirira. Tsono msilikali wa zizindikiro za pamapewa sangakhale pa kasinja woteteza Moscow mu December 1941. Kumbali inayo kuli mpata pang'ono, chifukwa malaya akale sanatayidwe tsiku limodzi: ambiri anangosokerapo zizindikiro zatsopano pa malaya a kolala yopinda, ndipo pa nkhondo ya ku Kursk mu July 1943 mitundu iwiriyi ikhoza kukhalira limodzi pa kasinja mmodzi. Ine kusakanikirana kumeneku ndimakukonda. Gulu lovala mofanana ndendende ndi la pa perete, osati la anthu amene agona m'maenje miyezi itatu.

Kenako nyengo. Wa m'chilimwe amavala malaya okha, kachipewa kansalu kopendekera kapena chisoti chachitsulo, ndi lona lake lopinda limene linali chofunda pamvula komanso denga la usiku. Wa m'nyengo ya chipale amavala jekete yosokerera thonje m'kati, kapena chikhothi chachitali chotuwa, ndi chipewa chaubweya chophimba makutu. Kasinja wopakidwa laimu woyera wonyamula anthu a malaya okha ndi bodza limene ngakhale mwana angaligwire. Kumapazi, ena anali ndi jombo zazitali, ena nsapato zazifupi ndi nsalu yokulunga mwendo mpaka pansi pa bondo. Ndimaika onse awiri.

Pa mfuti pamakhala kukambirana ndi ogula a kuno kwathu. Mfuti ya ku Russia imene tonse timaidziwa ndi AK-47. Ili ngakhale pa mbendera ya anansi athu a ku Mozambique. Munthu akaona asilikali anga amafunsa kuti nanga AK ili kuti. Ndimamufotokozera mwaulemu kuti mfuti imeneyo inabwera nkhondo itatha kale, ndipo gulu lankhondo linaivomereza mu 1949. Wa pa nkhondo ya Hitler ananyamula mfuti yaitali ya Mosin-Nagant, kapena PPSh-41, kamfuti kafupi ka chigubu chozungulira cholowa zipolopolo 71. Okwera pa akasinja ambiri ankapatsidwa yaifupiyi, poti mfuti yaitali imakola paliponse ukamadumpha, ndipo ntchito yawo inali ya pafupi: kutsika msanga n'kuthamangitsa adani obisalira kasinja m'ngalande ndi m'mabwinja.

Opanga tianthuti alipo angapo. Tamiya ya ku Japan ili ndi zolumikizika mosavuta, zabwino kwa woyamba kumene. Zvezda ndi ya ku Russia. MiniArt, ICM ndi Master Box ndi za ku Ukraine, ndipo ali ndi magulu ambiri a anthu okhala pansi, osuta, okonza injini. Ine chithunzi cha pabokosi sindichikhulupirira, chifukwa wojambula amakometsa. Ndimafuna kuona pulasitiki yeniyeniyo. Ndimayang'ana makwinya a nsalu, ngati akuchokera pamene nsalu imakokedwa, monga m'khwapa, pachigongono ndi kuseri kwa bondo. Ndimayang'ana zala, ngati zalekana kapena zangoundana. Ndimaimikanso msilikali wa bokosi lina pambali pa wa bokosi lina, poti ngakhale onse alembedwa 1/35, ena amatuluka zimphona. Kusiyana msinkhu si vuto, anthu amasiyana. Koma chisoti ndi mfuti zinkapangidwa kufakitale, tsono zimenezo ndimazitenga m'bokosi limodzi n'kugawira onse.

Zida zanga n'zochepa: lezala, singano, sandipepa wosalala, waya wakopa wa m'mawailesi akufa, supagulu, ndi Pratley Putty yemweyo amene amakanika amamatira matanki obooka. Choyamba n'kupala kamzere kamene kamatsala pamene zikombole ziwiri zinakumana. Kamayenda kuchokera paphewa mpaka kuphazi, ndipo penti sikabisa, imangokaonetsa. Ndikatero ndimakumba pang'ono kunsi kwa lamba, kwa kolala ndi kwa zivundikiro za matumba, kuti chilichonse chioneke chovalidwa osati chomera pathupi. Kukamwa kwa mkono wa malaya ndimakuboola kuti dzanja lizituluka m'kati mwa nsalu. Malamba a mfuti ndimadula ku kapepala konyezimira ka pamapaketi a mankhwala, kamene kamapindika n'kukhala momwe wakasiyira. Lona ndimapanga ndi tishu wonyowetsedwa m'guluu woyera wa akalipentala wosungunula ndi madzi.

Zonsezo mphwanga amene amandithandiza anaziphunzira msanga. Chimene chimatenga nthawi ndi kukhazika munthu pansi.

Wosema kufakitale sadziwa kuti iwe udzamukhazika pati msilikali wake. Amamupanga wokhala pamalo athyathyathya, pamene msana wa T-34 ndi wopendekera, uli ndi mawaya a pa injini, migolo ya mafuta, mabokosi ndi matcheni apadera. Ukangomuika momwe wabwerera, amakhudza kasinja ndi kansonga kamodzi ka thako, mapazi ali lende m'mwamba, dzanja latsala pang'ono kufika pachogwirira koma silinagwire. Diso la munthu limaona kampata kameneko lisanaone china chilichonse. Tsono ndimamudula. Ndimacheka m'chiuno, m'mabondo, m'zigongono, nthawi zina ndi pakhosi. Ndimaboola mbali zonse ndi singano yotentha, n'kulowetsa waya wakopa kuti akhale fupa. Ndikamupinda ali pamalo pake penipeni, ndimadzaza mipata ndi putty n'kusemanso makwinya ndi chotokosera mano chonyowa. Pansi pa matako ndi ntchafu ndimapala pulasitiki, ndimapakapo putty wofewa, ndimayala kajumbo kopyapyala pa kasinja, ndiye ndimamukanikiza. Akauma, thupi lake latenga mawonekedwe a chitsulo chimene wakhalirapo. Zala ndimazifewetsa m'madzi otentha n'kuzikulunga pa chogwirira. Zogwirirazo zinayamba kuwotcheredwa pa akasinjawa cha m'ma 1942, makamaka chifukwa cha okwerawo, popeza Soviet Union inalibe magalimoto okwanira achitsulo onyamula asilikali oyenda pansi.

Kakhalidwe ka munthu wokwera chinthu choyenda movutika sindinakaphunzire m'buku. Ine ndinakula m'zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo ya FRELIMO ndi RENAMO inkatulutsa anthu m'chigawo cha Tete kulowa kuno. Malawi yense anafika posunga othawa kwawo opitirira miliyoni imodzi mgwirizano wa mtendere usanasainidwe ku Rome pa 4 October 1992, ndipo Mwanza inali limodzi la makomo awo. Msasa wa Luwani, umene lero uli m'boma la Neno, nthawi imeneyo unali wa Mwanza. Malole odzaza anthu tinkawaona. Munthu amene wakhala pamwamba pa lole tsiku lonse sawongoka msana. Khosi limalowa m'mapewa, dzanja limodzi silichoka pachitsulo ngakhale galimoto itaima, phazi limafunafuna potsamira, ndipo aliyense amayedzamira mnzake, womudziwa kapena wosamudziwa. Katundu amamukumbatira pamimba. Palibe awiri oyang'ana kumodzi, kupatula ngati kwamveka kanthu. Zimenezo n'zimene ndimaika mwa asilikali anga. Bondo la uyu lilowe m'nthiti mwa uyo, chikwama cha wina chiphwanyike ndi msana wa mnzake. A m'nyengo yozizira ndimawakhazika pamwamba pa injini pamene pankatuluka kutentha, ataunjikana kuseri kwa mutu wa kasinja, poti ndi pokhapo pamene panali pobisalira mphepo ndi zipolopolo.

N'chifukwa chake magulu a asilikali othamanga, okuwa, oloza kutsogolo ndi dzanja sindiwagula kawirikawiri. Nkhondo yambiri ndi kudikira ndi kuyenda.

Mitu ndimasinthanso. Ya m'mabokosi ena imakhala ya nkhope imodzi, ngati onse anabadwa kwa mayi mmodzi, pamene m'gulu lankhondo la Soviet Union munali anthu a ku Russia, Ukraine, Belarus, Georgia, Armenia, Kazakhstan, Uzbekistan ndi kwina. Munalinso amayi zikwi mazanamazana; Mariya Oktyabrskaya anayendetsa T-34 mpaka anavulala n'kumwalira mu 1944. Mitu ya utomoni ya Hornet ya ku Britain ndi yokongola zedi, koma ndi yodula, tsono ndimaisungira munthu mmodzi kapena awiri amene diso limayambirapo, monga mkulu wa kasinja wotulukira pachitseko ndi chipewa chake chofutukuka cha oyendetsa. Enawo ndimawakonza ndekha: kupala tsaya kuti liphwe, kuwonjezera kamphuno, kuika ndevu za masiku atatu ndi penti yotuwa yosungunuka kwambiri.

Nkhope ndimapaka m'mamawa, kuwala kukadali kofewa ndiponso fumbi la malole a pamsewu lisanadzuke. Mu October penti yamadzi imauma pa burashi isanafike pamphuno, tsono ndimaisakaniza pa kapepala koyala pa siponji yonyowa. Maso oyera sindipaka. Imani patali mamita khumi ndi munthu padzuwa, muone ngati choyera cha diso lake chikuoneka. Mumangoona kamzere kakuda pansi pa nsidze. Malaya aliyense ndimamusakanizira mtundu wakewake, wina wobiriwirako, wina wachikasu, wina wosuluka pafupi kuyera pamapewa, chifukwa nsalu zija zinkachokera m'mafakitale osiyana ndipo dzuwa ndi thukuta zinkazidya mosiyana.

Matope ndi amene amamanga munthu ndi kasinja kukhala chinthu chimodzi. Dothi lofiira la m'minda mwathu muno siligwirizana ndi Kursk, kumene nthaka yake ndi yakuda. Ndimakatapa lakuda la kudimba, ndimaliyanika, ndimalisefa ndi sefa ya ufa, n'kulisakaniza ndi guluu woyera. Dothi limene lili pa matcheni likhale lomwelo pa jombo, pamawondo, pamatako, ndi pamene jombozo zaponda pokwera. Wa ku Berlin mu April 1945 amafuna fumbi lotuwa la njerwa ndi simenti. Pamenepo phulusa losefa limagwira ntchito.

Ena amandifunsa chifukwa chimene ndimavutikira ndi asilikali a dziko limene m'nthawi ya Kamuzu ngakhale kulitchula kunkafuna kuyang'ana kaye uku ndi uku. Soviet Union inataya anthu pafupifupi 27 miliyoni pa nkhondo imeneyo, asilikali ndi anthu wamba pamodzi. Okwera pamsana pa kasinja analibe chitsulo chowatchinga, pamene mfuti zonse za adani zinkaloza kasinja yemweyo. Inalinso nkhondo yomweyo imene agogo athu a King's African Rifles, amene chipilala chawo chili ku Zomba, anakamenya ku Ethiopia ndi ku Burma. Munthu woteroyo sindingamupange mwachisawawa, ngakhale ali wa masentimita asanu.

Pathebulo panga panopa pali T-34-85 amene sadzakhala wa ku Berlin. Dziko la Mozambique litalandira ufulu mu 1975, Soviet Union inatumiza akasinja a mtundu womwewu, okalamba kale, kwa asilikali a FRELIMO. Bambo wina wa ku Moatize amene amadutsa kuno ndi malonda anandipempha kuti ndimupangire mmodzi, pokumbukira achimwene ake amene anali m'gulu lankhondo. Apa ndiye AK ikulowa, dothi lofiira la kuseri kwa nyumba yanga likugwira ntchito, ndipo jekete zathonje zonse zatsala m'bokosi. Matupi ndatenga a asilikali a m'chilimwe, ndapala zizindikiro za pamapewa, ndatsegula kolala, ndapinda mikono ya malaya ndi putty. Mitu ya anthu akuda ya muyeso umenewu ndilibe, tsono ndikuumba ndekha pansonga pa waya, umodziumodzi. Bamboyo anandisiyira chithunzi chakale cha achimwene akewo, ndipo anandiuza kuti akamabwerera kuchokera ku Blantyre adzaima kuti aone ngati chibwano ndachipeza.