Keju wa ku Tete

Ife a m'kalasi ya akulu ku Fingoè tinapita ku mzinda wa Tete kukagulitsa mbuzi. Tinalipo asanu. Tinaoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel dzuwa lili pamutu. Kutentha kwa ku Tete mukukudziwa.

Malonda atatha, tinalowa m'loja yaikulu. Kunena zoona, tinkangofuna kamphepo kozizira ka m'katimo. Pa ngodya panali kabati yagalasi. M'menemo munali zinthu zobulungira ngati maungu aang'ono, zina zoyera, zina zacikasu. Tinawerenga tokha kapepala kake: queijo. Ife timati keju.

"Amai, kodi cimeneci n'ciani?" tinafunsa wogulitsa.

"Ndi mkaka, abambo," anayankha.

Tinaseka. Mkaka wodula ndi mpeni?

Amaiwo anatifotokozera. Amafunditsa mkaka, nathiramo mankhwala ocokera m'cifu ca mwana wang'ombe woyamwa. Mkaka umagwirana. Amaudula, nakhetsa madzi ake, nathira mcere. Kenaka amaupsinja ndi kuusunga pozizira milungu kapena miyezi. Keju wina anali wocokera ku South Africa. Wina anali wa ku Portugal, ku mapiri a Serra da Estrela. Umenewo ndi wa mkaka wa nkhosa, ndipo amaugwiranitsa ndi duwa la comera caminga.

Tinawerenganso mitengo. Apa kuseka kunatha. Kagawo kokwana m'dzanja kanaposa mtengo wa nkhuku. Amaiwo anati kilo imodzi ya keju wouma imadya malita a mkaka pafupifupi 10.

Tinayang'anana. Kwathu ku Maravia ng'ombe zilipo, mbuzi ndiye zosawerengeka. Mbuzi sitizikama n'komwe. Nthawi ya dzinja mkaka wa ng'ombe umaculuka. Timaumwa, wina timapanga cambiko, wotsala umaonongeka. Pofika Okutobala msipu wauma, ndipo ana sauonanso mkaka.

Tinasonkherana ndalama, tinagula kagawo kamodzi. Kumudzi tinakadula tizidutswa. Ena analavula. Agogo ena anatafuna pang'onopang'ono, nati: "Ici n'cambiko cokalamba."

Mvula itagwa, tinayesa. Tinamanga cambiko m'nsalu yoyera, madzi anakha usiku wonse. M'mawa tinathira mcere, tinatsindika ndi mwala. Cinatuluka coyera, cofewa, cowawasa pang'ono. Ana anadyera mbatata, napemphanso. Cotsala tinaika m'mphika pamthunzi. Tsiku lacitatu cinayamba kununkha, cifukwa malo ozizira tilibe. Tsopano tikukumba dzenje pansi pa nkhokwe.