Zilembo pa chiboliboli cha pa kompyuta

Anzanga osema ziboliboli pa kompyuta, musathamangire kugula monita ya 4K poganiza kuti zilembo zanu ziyamba kutuluka bwino. Mukadinda dzina pa chiboliboli mu ZBrush kapena Blender, m'mphepete mwa zilembo mumakhala manomano ngati ma polygon a pamalopo ndi ochepa. Monita singakonze zimenezo. Wonjezerani kaye ma polygon, kapena pangani zilembozo padera ndi Text 3D, yomwe inabwera ndi ZBrush 4R8 mu 2017, kenako muziphatikize.

4K ndi madontho 3840 x 2160, kuwirikiza kanayi 1080p, ndipo pa monita ya mainchesi 27 timabatani timachepetsetsa mukapanda kutikulitsa, mpaka maso kuwawa. Ine pa saizi imeneyi ndimasankha 2560 x 1440. Ndalama yotsalayo mugulire RAM.