M'basi Kapena Pamwamba pa Basi?

Ku Chama, m'dziko la Asenga la Mfumu Kambombo, kunali mnyamata wina wa pa sukulu amene anali kukhala ndi agogo ace akazi. Tsiku lina mkulu wace, amene anapita ku Lusaka kukafuna nchito, anatumiza kalata ya m'Cingelezi. Popeza agogo sanadziwe kuwerenga, mnyamatayo ndiye anawamasulira.

M'kalatamo munali mau akuti, "I came on the bus." Mnyamata anadziwa kuti "on" ndi "pa", ndipo "in" ndi "mu". Motero anati, "Agogo, akulu anga anayenda pamwamba pa basi."

Agogo anagwira pakamwa nati, "Pamwamba, pamodzi ndi matumba a mpunga? Kucokera kuno, kupyola pa Lundazi ndi pa Chipata, kufikira ku Lusaka? Mdzukulu wanga ndalama zinamthera!" Usiku umenewo sanaone tulo, ndipo anatsimikiza zogulitsa mbuzi yao imodzi yokhayo kuti amtumizire thandizo.

M'mawa mwace mnyamata anaonetsa kalatayo kwa aphunzitsi. Iwo anamwetulira nati, "Mwana wanga, mkulu wako anakhala pa mpando monga anzace onse. Ife timati m'basi, koma Angelezi amati 'on' ponena cokwera cacikulu cimene munthu angathe kuimirira ndi kuyenda m'kati mwace: basi, ndege, sitima ya pamadzi, ndi sitima ya pamtunda monga ya TAZARA imene imaima pa Mpika. Amatinso 'on' ponena cimene timakhala pamsana pace, monga njinga ndi bulu. Koma wokwera galimoto laling'ono, kapena bwato loolokera Luangwa, m'mene munthu amangokhala pansi osaimirira, ali 'in'. Ponena za mayendedwe okha amati 'by bus' kapena 'by train', koma woyenda pansi ali 'on foot'."

Ataweruka, mnyamata anathamangira kumudzi, napeza mbuzi itamangidwa kale cingwe, wogula alikuwerenga ndalama zace. Mwamanyazi anagwada nati, "Agogo, ndinalakwa ndine. Akulu anga anayenda bwino m'basi." Agogo anaseka, namasula mbuziyo.

Kuyambira tsiku limenelo iye sanamasulirenso liu ndi liu. Anali kuyamba wafunsa kuti eni ace a cilankhulo amatanthauza ciani, pakuti anaona kuti kaliu ka malembo awiri kakadataitsa agogo ace mbuzi.