Kusandutsa webusaiti yathu kukhala sitolo: zolemba za wophunzira

Lolemba

Azakhali agamula kuti webusaiti ya bizinesi yathu yosoka zikwama ndi maepuloni a chitenje isangokhala yoonetsa zithunzi. Akufuna kuti munthu azisankha katundu, kulipira pomwepo, ife n'kutumiza. Ntchitoyi yagwera ine, poti pakhomo pano ndine ndimagwira laputopu.

Chimene ndinkachitcha webusaiti, kani ndi zinthu zitatu, ndipo chilichonse chili ndi malipiro ake. Pali domain, dzina lija anthu amalemba kuti atipeze. Pali hosting, malo a lendi pa kompyuta ya kampani ina pamene pamakhala mafailo athu. Kenako masambawo. Domain sugula mpaka kalekale, umalipira chaka ndi chaka kwa kampani yolembetsa mayina. Yathu imathera ndi .com, ikanakhala ya .mw tikanatsata ndondomeko ya Malawi SDNP, amene amayang'anira mayina amenewo.

Chandidetsa nkhawa ndi ichi: mnyamata amene anatipangira webusaiti, yemwe pano ali ku Joni, analembetsa domain m'dzina lake ndi imelo yake. Dzina limene tinadinda pa timapepala ta zikwama zathu zonse, pa zolembedwa ndi lake.

Lachinayi

Mnyamatayo sanavute. Wandifotokozera pa WhatsApp kuti kusamutsa kuli ndi masitepe ake: iye atsegule loko wa domain, anditumizire nambala yachinsinsi yotchedwa EPP code, ine ndiipereke ku kampani yatsopano yolembetsa mayina, kenako tivomereze pa imelo. Zonsezi zimatha kutenga masiku asanu kapena kuposerapo pang'ono. Malamulo a ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti, amaletsa kusamutsa domain imene yangolembetsedwa kumene mpaka patadutsa masiku 60, ndipo kusintha dzina la mwini kumathanso kuitseka kwa nthawi yomweyo. N'chifukwa chake tagwirizana kuti asasinthe kalikonse kumbali yake, dzina la azakhali lilowe ku kampani yatsopanoko.

Ndalama yosamutsira imawonjezera chaka chimodzi pa domain, koma ndi ya madola. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cholipira ndi madola timachiyang'ana kawiri. "Ndiye chaka chamawa adzafunanso?" anafunsa azakhali. Ndinati inde, azakhali, chaka chilichonse. Anagwedeza mutu n'kutulutsa khadi.

Lamlungu

Funso la ndalamali ndi limene lasankha pulogalamu ya sitolo. Shopify ndi yosavuta kuyamba, koma ndi ya lendi ya mwezi ndi mwezi, ya madola. WooCommerce ndi yaulere, imaikidwa pa WordPress, ndipo webusaiti yathu yakale inali kale pa WordPress. Ulere wakewo uli ndi mtengo: zosintha, zotetezera ndi zosunga makope, zonse ndi zako. Ndasankha WooCommerce, ndipo ndamanga sitolo pa hosting yatsopano, pa adiresi yoyeserera, kuti makasitomala asaone zinthu zosatha. Kwacha ya Malawi ilipo pa mndandanda wa ndalama zake. Zimenezo zandilimbitsa mtima.

Lachiwiri

Lero mutu wandizungulira ndi DNS. Ndaimvetsa nditaiyerekeza ndi kaundula wa kwa amfumu, wonena kuti uje amakhala pati. Mzere wotchedwa A umalozera alendo ku kompyuta imene ili ndi webusaiti. Mizere ya MX imalozera kumene makalata a imelo apite. Izi ndi njira ziwiri zosiyana, moti webusaiti ikhoza kuwala bwinobwino pamene maimelo a makasitomala akubwerera kwa eni ake iwe osadziwa. Ndisanakhudze kanthu ndakopera mizere yonse yakale m'kope, chilembo ndi chilembo.

Palinso TTL, nthawi imene makompyuta ena amasunga adiresi asanafunsenso. Ndaitsitsa kufika pa masekondi 300 kuti tsiku losintha likadzafika, uthenga udzafale msanga. Sindinganame, zina mwa izi ndikungotsatira osazimvetsa mpaka pansi. Mzere wa SPF ndangodziwa kuti umathandiza maimelo athu asamagwere mu spam.

Lachisanu

Domain yafika, ili m'dzina la azakhali. Ndaloza mzere wa A ku hosting yatsopano. Kwa maola angapo foni yanga inkaonetsa sitolo yatsopano pamene ya mchemwali wanga inkaonetsabe yakale. Palibe chinalakwika, kunali kungodikira. Kaloko ka pa adiresi, kosonyeza kuti tsamba n'lotetezedwa, kabwera kudzera ku Let's Encrypt, kaulere. Satifiketi yake imakhala masiku 90 ndipo hosting imaikonzanso yokha.

Masamba akale ali ndi maadiresi amene Google ndi mapositi athu a pa Facebook akuwadziwa. Lililonse ndalilozera ku tsamba latsopano logwirizana nalo pogwiritsa ntchito 301 redirect, kuti wodina linki ya chaka chatha asagwere pa tsamba lopanda kanthu.

Lolemba

Pa kulandira ndalama ndiye pagona ntchito yeniyeni, ndipo mavidiyo ambiri a pa YouTube sathandiza chifukwa opanga ake ali ku America ndi ku Ulaya. Amati lumikiza Stripe, koma Stripe satsegulira akaunti bizinesi ya ku Malawi. Makasitomala athu ndalama zawo zili pa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Makampani a konkuno monga PayChangu amalumikiza sitolo ndi njira zimenezi komanso makadi, n'kudulako kangachepe pa malonda alionse. Pamene ndikusonkhanitsa mapepala a bizinesi olembetsera, ndaika njira yapamanja: kasitomala atumize ndalama pa nambala yathu, alembe nambala ya oda, ife titsimikize.

Fomu yolipirira nayo inabwera ikufuna nambala ya nyumba, dzina la msewu ndi postcode. Wa ku Chilinde kapena ku Ndirande alemba chiyani pamenepo? Ndaisintha: dera, malo odziwika apafupi, nambala ya foni. Mitengo yotumizira ndaigawa patatu: Blantyre, maboma ena kudzera pa basi kapena courier, ndi kunja kwa dziko, kumene mtengo umadalira kulemera. Mawa ndikabwereka sikelo kuti chikwama chilichonse chikhale ndi magalamu ake.

Loweruka

Zithunzi za pa foni zinali za mamegabaiti angapo chimodzi. Munthu wa bandulo ya tsiku sangadikire zimenezo. Ndazichepetsa zonse, ndipo tsamba tsopano likutseguka ngakhale netiweki ikukoka.

Oda yoyamba yalowa madzulo, ya mayi wa ku Mzuzu. Asanalipire anatumiza uthenga pa WhatsApp kufunsa ngati ndifedi anthu enieni. Ndazindikira kuti sitoloyi siilowa m'malo mwa kucheza ndi kasitomala, imangochepetsa mafunso a mtengo ndi mtundu. Batani la WhatsApp ndaliika pamwamba pa tsamba lililonse.

Tsiku lotha domain ndalilemba pa kalendala ya mu shopu, mapasiwedi ali m'kope limene azakhali amasunga okha. Sabata ikubwerayi ndiphunzira kusunga makope a sitolo yonse, ndi kuyesa kuibwezeretsa kuchokera pa kope limodzi kuti ndione ngati zimagwiradi ntchito.